Nyumba ya Mulungu ya ku Ottobeuren: Mau Onenedwa pa Tsiku la Jubili



Pamene Bambo Mfumu anandiitana nanena kuti ndidzalankhule pa chaka chino, ndinayesa kuti afuna mbiri ya misyoni yathu, ndipo ndinati mumtima: iyo ilipo nkhalamba yoidziwa koposa ine. Koma iwo anandipatsa mabuku ndi zithunzi za tchalitchi china cha ku Ulaya, nati ndiziwerenge ndi kukufotokozerani. Poyamba ndinazizwa, pakuti tchalitchicho chiri kutali, ndipo ine sindinapondeko phazi. Nditawerenga ndinaona chimene anachisankhira. Ichonso chinamangidwira jubili, ndipo amene anachiyamba sanachione chitatha.

Malowo dzina lache Ottobeuren. Ndi mudzi wa m'dziko la Bavaria, kumwera kwa Germany, pafupi ndi mzinda wa Memmingen, m'dayosizi ya Augsburg. Dziko la ng'ombe zamkaka, la msipu ndi la chisanu choopsa. Pamenepo pakhala amonke a Benedikito Woyera. Amonke ndiwo amuna amene asiya ukwati ndi chuma chao, nakhala pamodzi m'nyumba imodzi pansi pa mkuru mmodzi, amene amchula Abate, ndiko kunena Atate. Nchito yao ndiyo kupemphera pa maora oikika usana ndi usiku, ndi kugwira nchito ya manja ndi ya mabuku. Mbiri ya nyumbayo iti anaiyamba m'chaka cha 764, woiyamba ndiye mfulu wina dzina lache Silach, ndipo Abate woyamba anali Toto, mwana wache. Nkhoswe zache ndiwo Aleksandro Woyera ndi Teodoro Woyera, onse awiri ofera chikhulupiriro.

Pali chinthu chimodzi m'malamulo a amonke amenewa chimene ndikupemphani muchisunge, pakuti tidzabwerako. Mmonke wa Benedikito polumbira malumbiro ache alonjeza kumvera, alonjeza kutembenuza makhalidwe ache, nalonjezanso kukhazikika, ndiko kuti adzakhala wa nyumba imeneyo imene analowamo kufikira imfa. Sali ngati Ansembe athu a misyoni, amene lero ali pano, mawa awatuma kwina. Iye afera pamene analumbirira.

Za zaka mazana ambiri zoyamba ndinena mwachidule. M'chaka cha 972 Kaisara Otto I anamasula nyumbayo ku zolemetsa za ufumu, ndipo Ulrich Woyera, Episkopi wa ku Augsburg, anaisunga monga Abate kanthawi. Moto unaitentha kangapo. M'chaka cha 1509 amonke anaimika makina osindikizira mabuku. M'chaka cha 1525 alimi a m'dzikomo anaukira ambuye ao, nalowa m'nyumba ya amonke, naifunkha. Pambuyo pache inadza nkhondo ya zaka 30, kuyambira 1618 kufikira 1648, imene inapululutsa midzi ya Germany ndi lupanga, njala ndi mliri. Nyumbayo inasauka, koma siinafe.

Tsono m'chaka cha 1710 amonke anasankha Rupert Ness akhale Abate wao, munthu wa ku Wangen. Munthu uyu anali ndi mtima wa mmisiri ndi mutu wa wosunga chuma. Anatsimikiza mtima kugwetsa nyumba zakale ndi kumanga zonse mwatsopano. Mwala woyamba anauika m'chaka cha 1711, ndipo mapulani anawalemba mmonke mnzao, Bambo Christoph Vogt. Taonani dongosolo lache: anayamba ndi nyumba zogonamo amonke, ndi nyumba ya mabuku, ndi zipinda za alendo ndi za nchito, koma tchalitchi anachiika potsiriza. Zaka 26 zinapita asanakumbe maziko ache. Amisiri ambiri omveka anamtengera mapulani ao, mmodzi wa iwo Dominikus Zimmermann, iye nawayang'ana, nawaika padera, nafunanso ena. Pomaliza mwala woyamba wa tchalitchi unaikidwa m'mwezi wa September 1737, womanga wache Simpert Kraemer. Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1740, Abate Rupert anamwalira, makoma asanakwere patali.

Wolowa m'malo mwache, Abate Anselm Erb, sanati izi nza mnzanga, ine ndiyambe zanga. Anatenga nchito pamene inalekera. M'chaka cha 1748 anaitana Johann Michael Fischer wa ku Munich, mmisiri amene mwala wa pa manda ache uti anamanga matchalitchi 32 ndi nyumba za amonke 23. Fischer anapeza maziko ataikidwa kale ndi munthu wina, ndipo sanakhoza kuwasuntha; anangokonza zimene zinali zokonzeka, nakweza makoma ndi matsindwi. Amene anamangapo nyumba pa maziko a mnzache adziwa kuti nchito imeneyo ifuna kudzichepetsa. Amonke anafuna kuti zonse zithe m'chaka cha 1764, chaka cha jubili yao ya zaka 1,000, koma nchito siinathe. Anachedwa zaka ziwiri, natsegula tchalitchi pa 28 September 1766, nadya jubili yao pamenepo. Fischer anali atamwalira m'mwezi wa May chaka chomwecho, ndipo Abate Anselm anatsata m'chaka cha 1767. Kuyambira mwala wa 1711 kufikira kudalitsa kwa 1766 ziri zaka 55. Mwana amene anatunga madzi a matope oyamba anafika pa chikondwererocho ali ndi imvi.

Tiyeni tsono tichiyendere. Kutsogolo kwache kuli nsanja ziwiri za mabelu, iri yonse yotalika mamita 82. Kukadakhala kotheka kuimika amuna wina pa mutu pa mnzache, pakadafunika amuna ngati 50. Utali wa tchalitchi ndi mamita 89, pafupifupi bwalo la mpira, ndipo chinamangidwa mwa maonekedwe a mtanda, mikono yache yotambalala mamita 60. Matchalitchi akale ambiri ayang'anitsa guwa lao kum'mawa, koma ichi guwa lache liri kumwera ndi khomo kumpoto, kuti chilumikizane ndi nyumba ya amonke monga mutu ndi thupi.

Mamangidwe otere Azungu awachula baroque, ndipo zokometsera zache zopepuka, zopotanapotana ngati mphukira za maungu, azichula rococo. Chiyambi chache nchotere. Pa nthawi imene Akristu a ku Ulaya anagawikana, ena anati zithunzi ndi mafano m'tchalitchi ndi chipembedzo cha mafano, nazichotsa, nayeretsa makoma. Msonkhano waukuru wa Aepiskopi ku Trent, umene unatha m'chaka cha 1563, unayankha kuti zithunzi za Kristu, za Maria ndi za Oyera zisungidwe, osati chifukwa muli mphamvu m'mtengo kapena m'utoto, koma chifukwa ulemu upita kwa iwo amene zithunzizo ziwaonetsa, ndiponso chifukwa anthu aphunzira nazo. Inu aphunzitsi mudziwa chimenechi. Mwana amene waiwala yankho la katekisimu saiwala chithunzi chimene munampachikira pa mtengo. Alimi ambiri a ku Bavaria m'zaka zimenezo sanali odziwa kuwerenga bwino, ndipo Misa inali m'Chilatini. Chifukwa chache amonke analemba chikhulupiriro pa makoma ndi pa denga.

Amene alowa m'kati ayamba kuona kuwala. M'matchalitchi akale a miyala mumakhala mdima, ndi magalasi a mitundu. Koma muno mazenera ngakuru, magalasi ache oyera, makoma opakidwa njereza, kotero kuti dzuwa liyenda m'nyumbamo tsiku lonse. Kumwamba kuli matsindwi ozungulira ngati miphika yobvundikira, ndipo m'kati mwa miphika imeneyo muli zithunzi. Anazilemba Johann Jakob Zeiller ndi mbale wache Franz Anton Zeiller, a ku Reutte m'mapiri a Tyrol. Kalembedwe kache nkobvuta. Womata amata njereza yosakaniza ndi mchenga, gawo lokwanira tsiku limodzi lokha, ndipo wolemba apaka utoto wache njerezayo ikali yaiwisi. Ikauma, utoto walowa m'kati mwa khoma, sungafafanizike. Koma akalakwa dzanja, palibe kukonza, koma kugumula gawolo ndi kumatanso. Ndipo achita izi ali pa nsanja ya mitengo pamwamba penipeni, khosi lopindikira kumbuyo, nalemba nkhope zazikuru zimene iye mwini sangazione bwino kufikira atatsika pansi.

Pa guwa lalikuru pali chithunzi cha Utatu Woyera, ndipo pambali pache paimirira Petro ndi Paulo, ndi Aepiskopi oyera awiri a m'dzikomo, Ulrich ndi Konrad. Pakati pa tchalitchi, pamene mikono ya mtanda ikomana, m'tsindwi lalikuru koposa, muli kutsika kwa Mzimu Woyera pa tsiku la Pentekoste: Maria ndi Apostoli, ndi kuwala kotsika pa iwo, kolembedwa mwa luso lotere kuti woyang'ana ayesa denga latseguka. M'tsindwi la kufupi ndi khomo muli Benedikito Woyera mu ulemerero, pamodzi ndi khamu la ana ache auzimu. Mu mkono umodzi wa mtanda muli kuphedwa kwa Felisita Woyera ndi ana ache amuna asanu ndi awiri ku Roma, pakuti Aleksandro, nkhoswe ya nyumbayo, awerengedwa mmodzi wa anawo. Ine poyang'ana zithunzi zimenezi motsatana ndinaona kuti mphunzitsi akhoza kuyambira pa guwa, nayenda kufikira pa khomo, naphunzitsa Kumvera kwa Apostoli konse wosatsegula buku: Mulungu mmodzi mwa Atatu, Mzimu Woyera, Eklezia, chiyanjano cha Oyera.

Pali ziwiri zimene ndinazikonda koposa, ndizo zoyang'anana pa nsanamira ziwiri. Mbali yina kuli gome lolalikirapo, lopachikika pamwamba, pakuti masiku amenewo kunalibe makina okuzira mau, ndipo wolalika anayenera kukwera kuti amveke. Mbali yinayo, pamwamba pa malo obatizira, pali Yohane alikubatiza Ambuye m'Yordano. Kuno mau, uko madzi. Mphunzitsi amene asunga kalasi la ofuna ubatizo zaka ndi zaka ayenda pakati pa nsanamira ziwiri zimenezi moyo wache wonse. Anaziumba ndi Johann Joseph Christian wa ku Riedlingen, amene anaumbanso Oyera ambiri a pa maguwa, oyera mbuu, zobvala zao zonga zouluzika ndi mphepo. Zokometsera za pa makoma ndi maguwa enieniwo ndi nchito ya Johann Michael Feichtmayr, wa mbumba ya amisiri a ku Wessobrunn, mudzi umene ana ache anayenda Ulaya yense ndi luso lomata. Angelo ang'ono ali ponseponse, ena ogwira nsalu, ena osuzumira pa mitambo. Kunena zoona, kwa ine achuruka. Ndikadakhala kumeneko pa Misa kapena ndikadaiwala ulaliki ndi kuwerenga angelo.

Apa ndikuululireni chinsinsi cha amisiri. Nsanamira za maguwa zioneka ngati mwala wa nsangalabwi wa mitsempha yofiira ndi yotuwa, koma siziri mwala iai. Ndi dothi loyera louma msanga, losakanizidwa ndi ulimbo ndi utoto, lokandidwa ngati ufa wa mkate, lodulidwa mapande, lomatidwa pa nsanamira, ndi kukhulidwa masiku ambiri kufikira linyezimira. Golidi amene awala paliponse ndi golidi weniweni, koma wosulidwa kufikira apyapyala koposa khoko la anyezi, nayalidwa pa mtengo kapena pa dothi. Wina angati nchinyengo. Ine sinditero. Mai amene azira nyumba yache ndi dothi lakuda ndi kulemba maluwa a dothi lofiira pa khoma sanyenga munthu. Akometsa ndi chimene ali nacho, ndipo mtengo wache uli m'manja ndi m'masiku.

Kutsogolo, pafupi ndi guwa lalikuru, kuli mipando ya amonke, mizere yoyang'anana mbali ziwiri. Anaipala Martin Hermann wa ku Villingen, ndipo pamwamba pache Christian anazokota zithunzi m'mtengo, zokutidwa ndi golidi: mbali yina za m'Chipangano Chakale, mbali yina za moyo wa Benedikito. Pano ndipo pali mtima wa nyumba yonse, pakuti ndi pamene amonke ayimba Masalmo, mbali iyi ndime imodzi, mbali iyo ndime yotsatira. Pamwamba pa mipandoyo pali malimba awiri akuru a mipope, lina la Utatu Woyera, la mizere inai yoyimbira ndi mau a mitundu 49, lina la Mzimu Woyera, la mizere iwiri ndi mau a mitundu 27. Musaganize kalimba kathu kopopa ndi mapazi. Awa ali ndi mipope zikwi, ina yaing'ono ngati chala, ina yoposa munthu kutalika kangapo. Anawapanga Karl Joseph Riepp, mwana wa pomwepo, wobadwira ku Eldern pafupi ndi Ottobeuren m'chaka cha 1710, amene anamuka ku France, nakhala ku Dijon, naphunzira mapangidwe a kumeneko, nabwera kudzapangira kwao. Anawatsiriza m'chaka cha 1766, ndipo alikulira kufikira lero. Limba lachitatu, la Maria, la pamwamba pa khomo, linadza m'chaka cha 1957.

Pakati pa zonyezimira zonsezi, pa guwa laling'ono la patsogolo pa mipando ya amonke, pali mtanda wakale wosemedwa cha m'ma 1220, woposa tchalitchicho zaka 500 ndi kanthu. Ngwosema mwa kale, wowongoka, wopanda zopotana. Amene anagwetsa makoma onse akale sanautaye umenewu. Anauika pakati, pamene maso a wolowa ayamba kugwera.

Tsono wina afunse: ndalama zache zinachokera kuti? Ndiyenera kunena poyera. Abate wa ku Ottobeuren sanali mkuru wa amonke okha, analinso mfumu ya dziko, woweruza midzi ya anthu ngati 10,000. Alimi a m'midzimo anapereka gawo la dzinthu zao, ndi msonkho, ndi masiku a nchito. Maina a Fischer ndi Zeiller alembedwa m'mabuku, koma amene anaumba njerwa, natuta mchenga ndi mitengo pa ngolo zao, maina ao sitiwamva. Zidzukulu za alimi aja amene anafunkha nyumbayo m'chaka cha 1525 ndiwo anasenza katundu wa nyumba yatsopano. Nzoona kuti kumangako kunapatsa amisiri ndi anyamata ambiri nchito ya malipiro zaka 55, ndipo amonke anasunga sukulu. Koma chopereka cha lamulo sichifanana ndi chopereka cha mtima, ndipo sindifuna kuzisakaniza. Makolo athu amene anasenza njerwa za tchalitchi chino pamutu adziwa kulemera kwa njerwa, ndipo ayenera kumva mbali iyinso ya mbiri.

Ufumu umenewo sunakhalitse. Zitapita zaka 36 chitsegulire tchalitchi, nkhondo za Afalansa zinasanduliza Ulaya. France inalanda maiko a Germany a tsidya la mtsinje wa Rhine, ndipo mafumu amene anataya maiko ao kumeneko anawalipira ndi maiko a Aepiskopi ndi a amonke. Kotero m'chaka cha 1802 boma la Bavaria linatenga Ottobeuren: midzi, minda, nkhalango, nyumba, tchalitchi chomwe. Abate Paulus Alt, amene anasankhidwa chaka chomwecho, anaona ufumu wache utha m'miyezi yowerengeka. Nyumba zina za amonke m'dziko limenelo zinagulitsidwa, zina zinasanduka mosungira katundu, zina anazigumula nagulitsa miyala yache. Amonke anawapatsa kandalama ka ukalamba, nawauza kuti ali omasuka kumuka, ndipo analetsa kulandira anyamata atsopano, kuti mbumbayo ithe yokha ndi imfa.

Amonke a ku Ottobeuren anali 48. Ambiri anamuka, ena kukatumikira m'maparishi, ndipo sindiwaweruza, pakuti anthu a kumeneko anafunanso Ansembe. Koma 18 anakana kuchoka. Kumbukirani lumbiro lija la kukhazikika. Anakhala m'nyumba imene siinalinso yao, monga alendo a boma, opanda minda, opanda ulemu wa kale, napitiriza kupemphera pamodzi. Abate Paulus anamwalira m'chaka cha 1807, ndipo panalibe chilolezo chosankha wina. Chaka ndi chaka anaika mnzao m'manda, mipando ija ya golidi niinka niikhala yopanda anthu. Palibe wa iwo anadziwa kuti zinthu zidzasintha. Monga mwa lamulo la boma, wotsiriza akadatseka chitseko. Anakhala chotero zaka 32. Ine, amene ndaona sukulu ya kumudzi itsala ndi ana asanu m'nyengo ya njala, ndi kudzifunsa m'mawa ngati nkoyenera kuliza belu, ndiwamvetsa pang'ono amuna amenewa, ndipo ndiwalemekeza koposa amene anayala golidi.

M'chaka cha 1834 mfumu Ludwig I ya Bavaria inalola kuti nyumbayo ikhalenso ya amonke, pansi pa nyumba ya Stefano Woyera ku Augsburg, imene Abate wache woyamba, Barnabas Huber, anali mmonke wa ku Ottobeuren kale. Otsala a mbumba yakale anali owerengeka ndi okalamba, koma analipo, kotero kuti atsopano analandira moto kwa akale, wosazima. Chifukwa chache anthu a kumeneko akhoza kunena kuti pamalopo pakhala amonke kosalekeza kuyambira 764. M'zaka zomwe zija za umphawi tchalitchicho chinali kutumikira anthu a m'midzi monga parishi, ndipo m'chaka cha 1821 anabatizamo mwana wa woomba nsalu wosauka wa ku Stephansried, dzina lache Sebastian Kneipp, amene anadzakhala Wansembe womveka ndi kuchiritsa odwala ndi madzi; Misa yache yoyamba anaichita momwemo m'chaka cha 1852.

M'chaka cha 1918 Ottobeuren inakhalanso ndi ufulu wa nyumba ya Abate payokha. M'chaka cha 1926 Papa Pius XI anapatsa tchalitchicho dzina la ulemu la Basilika. M'chaka cha 1964 anadya jubili ya zaka 1,200, ndi m'chaka cha 2014 ya zaka 1,250. Midzi ija siinabwerere kwa iwo. Amonke alipo lero ngochepa, asunga parishi ndi kulandira alendo, ndipo anthu achokera kutali kudzamva malimba a Riepp.

Zithunzi zimene Bambo Mfumu anandipatsa ndaziyala pa gome m'khonde la sukulu. Amene afuna kuona mtanda wakale uja ndi mipando ya amonke apite akaone tisanalowe m'Madalitso, koma ana asazigwire ndi manja a nsima.